Nsomba Zitatu za Agogo aNangozo

Agogo aNangozo akandibwerera m'maganizo, chimayamba kundifika ndi fungo la ndere zonyowa zimene ankapala ndi kansalu m'kati mwa thanki yagalasi Loweruka lililonse m'mawa, litasakanikirana ndi utsi wa zitsononkho zimene ankasonkhera moto. Sanali agogo anga enieni. Nyumba yawo inali kuseri kwa khola lathu, m'mudzi wina kufupi ndi Tsangano, kumene nkhungu imatha kugona m'minda ya mbatatesi mpaka dzuwa litakwera. Pabalaza pawo panali tebulo limodzi lokha, pamwamba pake thankiyo, ndipo m'menemo munkasambira nsomba zitatu zofiira ngati lalanje lakupsa, za michira italiitali yopepera m'madzi ngati nsalu yoyanika.

Nsombazo zinali za mwana wawo mmodzi yekhayo, Fanuwelo. Iye anakhala zaka zambiri ku Blantyre akusamalira nsomba zamtunduwu m'nyumba ya bwana wina, ndipo matenda atamukulira anabwerera kumudzi ndi chikwama chimodzi, thanki yokulungidwa m'bulangete ndi nsomba m'chidebe. Anakhala miyezi isanu yokha. Miyezi imeneyo, ali gone pamphasa, anaphunzitsa mayi ake zonse zimene ankadziwa. Maliro atatha, achibale anaseka kuti nkhalamba ikuweta ndiwo zosadyedwa, ena nkunena kuti zingopatsidwa kwa mphaka. Agogo sanakangane ndi munthu. Anangoyamba kutseka chitseko cha pabalaza akamachoka.

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo popeza maondo awo ankavuta, amayi anandiuza kuti ndiziwatungira madzi. Nsomba zinali ndi ndowa yakeyake, yobiriwira, imene sinkakhudza sopo kapena china chilichonse. Lachisanu masana ndinkatunga kuchitsime nkuthira mumtsuko waukulu pakona, madziwo nkugona kuti azizire mofanana ndi a m'thanki, ndipo Loweruka tinkachotsa madzi akale pang'ono nkuthiramo atsopano.

M'mawa uliwonse, asanaponyere nsombazo chakudya, agogo ankakhala pampando nkumaziyang'ana. "Nsomba siingakuuze pamene pakupweteka, Esitere," ankatero. "Uziiona mmene ikusambirira." M'nyengo yachisanu ya chaka chimenecho ina inatuluka timadontho toyera ngati mchere m'zipsepse, nkumadzikhula pamiyala ya pansi. Agogo anasungunula mchere wamibulu m'kapu, woyeza ndi supuni monga Fanuwelo anawaonetsera, nkumathira pang'onopang'ono, anakankhira tebulo kutali ndi zenera, ndipo madzulo ankafunda thankiyo bulangete lawo lomwe. Patatha milungu iwiri timadontho tonse tinatha. Tsiku lina yaikulu inatupa mimba nkumayandama chammbali. Anaimana chakudya masiku awiri, kenako anaiphikira nsawawa imodzi, kuisenda nkuiphwanya ndi chala. M'mawa mwake inali ikusambira bwinobwino, agogo akuseka mpaka misozi.

Zimene ndikufuna kunena zinachitika mu Febuluwale, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, chiwawu chitalowa m'mbatatesi, abambo akupopera mankhwala mlungu uliwonse. Lachisanu limenelo agogo anali kumsonkhano wa amayi kutchalitchi. Pobwera kuchitsime ndinaterereka pamatope, ndowa yobiriwira inamenya mwala nkung'ambika pansi. Ndinachita mantha. Ndinaibisa m'chimanga, nkuthamangira kwathu kukatenga ndowa imene ndinaipeza pafupi, ija abambo ankasungunuliramo mankhwala. Ndinaitsukuluza kawiri, ndinanunkhiza, ndinaona ngati yayera. Ndinadzaza mtsuko. Agogo atafunsa za ndowa yawo madzulo, ndinati ndaiiwala kwathu, ndibwera nayo mawa.

Loweruka m'mawa tinasintha madzi monga mwa masiku onse. Dzuwa lisanafike pamutu, agogo anandiitana kuchokera pakhomo, ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo. Nsomba zonse zitatu zinali pamwamba pa madzi zikuyasamula kukamwa mofulumira, kenako nkuthamanga mwadzidzidzi mpaka kugunda galasi, kenako nkutitimira pansi. Agogo anagwada pansi ndi maondo ovutawo, nkhope pafupi ndi galasi, nkumaziona imodziimodzi. Timadontho panalibe. Mimba sizinatupe, zipsepse zinali zosanyenyeka, mamba ali bwinobwino. Anandiuza kuti Fanuwelo ankanena kuti matenda amayamba ndi imodzi, koma zikadwala zonse nthawi imodzi, vuto lili m'madzi.

Anatembenuka nkundiyang'ana.

"Madzi adzulo unatungira m'chiyani?"

"M'ndowa yobiriwira, agogo."

"Kuchitsime chomwe chija?"

"Eya, agogo."

Anandikhulupirira. Sanafunsenso kachiwiri. Anati ndiye kuti madzi akale ndi amene aipa, mwina tachotsa ochepa, ndipo anandiuza kuti ndibwere ndi kapu. Tinachotsa madzi ambiri m'thanki, ndipo ine, ndi manja angawa, ndinatunga mumtsuko muja nkumawapatsira, iwo nkumathira mosamala kuti asadzidzimutse nsomba. Ndinkadziuza mumtima kuti ndowa ija ndinaitsukuluza, kuti mwina si imeneyo, kuti mwina zichira zokha.

Yaing'ono inafa cha m'ma thu koloko. Agogo anaitulutsa ndi dzanja nkuisiya pachikhatho nthawi yaitali, madzi akudontha pachitenje chawo. Kunja mvula inali itayambanso, ikulira pamalata. Yachiwiri, ija anaichiritsa timadontho, inagona chammbali ikunjenjemera, ndipo cha m'ma folo koloko nayonso inaleka kupuma. Apo m'pamene pakamwa panga panatseguka. Ndinanena zonse, za matope, za ndowa ili m'chimanga, za ndowa ya abambo, ndikulira moti mawu ankatuluka oduka.

Agogo anadzuka. Anatenga poto wawo wamkulu wophikira, anakhuthuliramo madzi awo akumwa onse, nkunyamula nsomba yotsalayo m'manja awiri kuiika mmenemo. Kenako anandipatsa kapu nkundiuza kuti ndizitunga madzi m'potomo nkumawathira kuchokera m'mwamba kuti mulowe mpweya, ndisaleke mpaka atandiuza. Ndinathira mpaka mkono unachita dzanzi. Dzuwa likulowa, nsombayo inadzuka pansi pa poto nkuyamba kuyenda pang'onopang'ono.

Ziwiri zija anazikulunga m'tsamba la nthochi, nkukazikwirira pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba, mvula ikuwanyowetsa. Pobwera anaima pakhomo nkundiyang'ana, osati mwaukali.

"Ndowa tikanagula ina, mwanawe," anatero. "Ukanangondiuza."

Ndikupita kwathu, ndili pakhola, ndinawamva akulira. Sikunali kulira kwa munthu amene waferedwa chiweto. Kunali kuja amayi amalira pamaliro, kokoka mawu, koma chapansipansi kuti anthu asamve, akutchula dzina la Fanuwelo, akumufunsa kuti wawasiyira ndani. Ndinaima pamenepo mpaka amayi anandiitana.

Sanandinenere kwa makolo anga. Anangouza abambo kuti ndowa ya mankhwala aziipachika patsindwi, kutali ndi ana. Mtsuko uja anauphwanya, thanki anaitsuka ndi madzi okhaokha masiku atatu, ndipo Lachisanu lotsatira anandiitana monga kale, nkundipatsa ndowa yatsopano. Ndinawatungira madzi zaka zina ziwiri. Koma m'mawa sankakhalanso nthawi yaitali pampando paja, ndipo nsomba yotsalayo inkasambira mopotoka pang'ono, yokhayokha m'galasi lonselo, mpaka inafa m'chisanu cha chaka chachiwiri popanda chizindikiro chilichonse chimene agogo akanachiona. Iwo anamwalira ine ndili kusekondale yogonera konko, ndipo uthenga unandipeza ataikidwa kale.

Lero ndine namwino pachipatala china chaching'ono m'boma lomweli. Kawirikawiri kumabwera mayi ndi mwana wolefuka, ndipo ndikafunsa ngati wamumwetsa kanthu kunyumba amati ayi, maso ali pansi. Anzanga ena amakalipa. Ine ndimatseka chitseko, ndimakhala pabenchi pambali pake, nkumuuza kuti sindimukalipira, kenako ndimafunsanso. Ena amanena, ena sanena. Amene sanenawo ndimalephera kuwakwiyira, chifukwa inenso ndinakhalapo chete maola anayi, nditagwira kapu, pambali pa munthu amene ankandikhulupirira.