Tsiku Limene Nkhondo Inakana Kuyamba pa Nkando

Anthu akandifunsa mafilimu a asilikali amene ndimakonda, ndimawatchulira amene iwo amagona nawo tulo. Ndimakonda aja asilikali amangokhala pakampu, kupukuta jombo, kudandaula za nyemba zosapsa, kulimbirana ndudu imodzi, mpaka filimu kutha mfuti osalira ngakhale kamodzi. Anzanga amati ndinalodzedwa. Sindinabadwe choncho ayi, ndipo kale ndinali mdani wamkulu wa mafilimu amenewa.

Zaka zimenezo ndinali womasulira mafilimu pa vidiyo ina pa Nkando, kuseri kwa msika, m'chinyumba cha malata chopanda windo. Mwini wake anali ndi TV, jenereta ndi mabenchi, ine ndinali ndi pakamwa. Ndinkakhala pambali pa TV ndi maikolofoni, azungu akayamba kulankhula ine n'kutsitsa mawu awo, n'kumawauza anthu m'Chichewa zimene zikunenedwa. Chingerezi ndinkachimva ndithu, sukulu ndinafika nayo patali, koma ntchitoyo sinkafuna Chingerezi. Inkafuna kudziwa chimene anthu abwerera. Mzungu akati akupita kukagula mkaka, ine ndinkati akupita kukapha mlamu wake, ndipo aliyense ankakhala tsonga pabenchi.

Makasitomala athu anali otchola tiyi m'maesiteti, akabaza ndi ogulitsa pamsika, anthu otopa amene sankafuna kumva mavuto a munthu wina. Ankafuna mabomba. Azungu akacheza mphindi zitatu popanda womenyedwa, nyumba yonse inkayamba kukuwa kuti kokani, kutanthauza kuti ndithamangitse chimbale mpaka pomwe pali ndewu. Malamulo a ntchito yanga anali awiri okha. Loyamba, usaonetse filimu imene sunaionere wekha. Lachiwiri, m'nyumba musakhale zii, chifukwa munthu akakhala chete amayamba kuganiza.

Nthawi yomweyo ndinali nditagwa m'chikondi ndi mtsikana wina wogulitsa nanazi pa siteji ya minibasi. Ifeyo tinali titamvana kale, koma kwathu kuno mawu omaliza pa ukwati wa mtsikana sakhala a bambo ake, amakhala a mwinimbumba, amalume ake. Amalume a ameneyu anali msilikali wopuma, amene tsopano ankalondera pageti la esiteti ina ya tiyi. Ankhoswe anga anapitako kawiri, ndipo maulendo onse awiri anabwerako ndi mawu amodzi akuti tamva. Ulendo wachitatu mkuluyo anawauza kuti sangapereke mwana wa mlongo wake kwa munthu wodya za pakamwa asanaone yekha mmene pakamwapo pamagwirira ntchito. Anati abwera ku vidiyo Lamulungu masana, ndipo akatuluka m'menemo anena inde kapena ayi.

Ndinkawaopa bambo amenewa. Anali aatali, owonda, buluku lawo lositidwa mzere wakuthwa, jombo zonyezimira ngakhale nthawi ya matope. Ankalankhula pang'ono, choncho anthu ankawalankhulira. Pamsika ankati kutsidya kwa malire anapha adani khumi ndi mmodzi ndi supuni yodyera phala. Iwo sankavomera, sankakana, ndipo ine ndinkakhulupirira zonse.

Nzeru zanga zinandiuza kuti msilikali amakonda nkhondo monga mmene m'busa amakondera nyimbo. Ndinakwera minibasi kupita pa Boma kwa munthu wina wogulitsa zimbale, n'kusankha chimene chikuto chake chinali choopsa kuposa zonse: msilikali wopaka matope kumaso, ndege zitatu, kumbuyo moto wofika kumwamba. Loweruka magetsi anazima tsiku lonse, ndipo mwini vidiyo anakana kuliza jenereta kuti munthu mmodzi aonere filimu yekha. Ndinayang'ananso chikuto chija n'kudziuza kuti chinthu chotere sichinganame. Za chikomekome cha mkuyu ndinazikumbukira mochedwa.

Lamulungu ndinalemba ndi choko pabolodi panja kuti lero kuli nkhondo yoopsa, a mtima wofooka asalowe. Nyumba inadzaza mpaka ena kukhala pansi. Amalume aja anafika nthawi yake yeniyeni, anakhala pabenchi yakutsogolo, chipewa pabondo, msana uli chilili.

Filimu inayamba bwino. Lole inatsitsa asilikali pakampu ina pamwamba pa phiri louma, ine n'kulengeza kuti theka la anyamata amenewa silidzaona dzuwa la mawa. Asilikaliwo analandira mabulangete. Anayala mabedi, sajeni anabwera n'kusasula zonse, iwo anayalanso. Kenako anapatsidwa zidebe za laimu n'kuyamba kupaka miyala ya m'mbali mwa njira. Ndinati akukonza manda awo omwe. Anakhala pansi kusenda mbatatesi, ndinati chimenecho ndi chakudya chomaliza. Mmodzi anakwera pansanja n'kuyang'ana kutali ndi magalasi oonera patali, ine ndinatsitsa mawu n'kunena kuti kuseri kwa phiri kuli adani osawerengeka. Kamera inatembenuka n'kutionetsa mbuzi ikudya chitsamba. Ndinati mbuziyo ndi kazitape.

Thukuta linali litandinyowetsa kale malaya pamene wakabaza wina kumbuyo anayambitsa nyimbo ya kokani, ndipo nyumba yonse inavomera. Ndinatenga rimoti n'kukoka. Tinaona asilikali akupaka miyala mothamanga, akudya mothamanga, akugona mothamanga, koma mdani osaoneka. Apo m'pamene amalume aja anakweza dzanja, osatembenuka n'komwe.

"Bwezerani pomwe mwachoka paja."

Sanakuwe, koma chala changa chinamvera chokha. Nditabweza, anatembenukira anthu n'kuwauza kuti miyalayo si ya manda. Anati ikupakidwa chifukwa kukubwera bwana wamkulu kudzayendera kampu, ndipo bwanayo sabwera. Asilikali aima padzuwa kuyambira m'mawa, wina akomoka, kenako kubwera uthenga woti ulendo wasintha, ndipo sabata yamawa miyala yomweyo ipakidwanso. Sipanapite nthawi, zinachitika ndendende. Msilikali wonenepa anagwa pa perete ngati thumba la chimanga, ndipo nyumba yonse inafa ndi phwete.

Mayi wina wotchola tiyi anati zimenezo n'za ku esiteti kwawo zenizeni. Kukamabwera alendo amasesetsa msewu wa fumbi, anthu n'kupatsidwa maepuloni atsopano m'mawa, madzulo n'kuwalandanso. Wina anati sajeniyo ndi kapitawo wawo wapita ku Ulaya, ngakhale kayendedwe n'komweko. Kuyambira pamenepo palibe anatchulanso zokoka. Amalume aja ankangoponya mawu apa ndi apo: uyu alangidwa chifukwa cha batani, uyu akunamizira kudwala kuti asakumbe chimbudzi, uyu wabisa shuga mu sokosi. Chilichonse chimene ananena chinkachitika, ndipo anthu ankaombera m'manja filimu yopanda ngakhale chibakera chimodzi.

Ndikanakhala wanzeru ndikanakondwera, chifukwa mlendo wanga anali akusangalala. Koma ine nsanje inandigwira. Zaka zinayi ndili pamaikolofoni, lero mdala wopanda chimkuzamawu wandilanda anthu anga m'nyumba yanga yomwe. Ndinapsa mtima, ndipo ndinkangodikira mpata woti ndiwaonetse kuti mwini ntchito ndani.

Mpatawo unabwera filimu ili pafupi kutha. Pakampu panafika thumba la makalata. Msilikali wina wofatsa, amene filimu yonse ankangosema kachidole ka mtengo, analandira yake n'kukakhala pabedi. Akuwerenga, mawu a mkazi ankamveka m'Chingerezi chapansipansi, ndipo ine ndinamva zonse. Mkaziyo ankati watopa kudikira, wapita ndi mwamuna wina, mwana wamutenga, asavutike kumufunafuna. Apa amalume aja sananene kanthu. M'nyumba munangoti zii, ndipo ine ndinalumphira chetecho ngati galu pa fupa. Ndinalengeza kuti kalatayo yachokera kwa mkulu wa asilikali, ndi lamulo lachinsinsi, mawa m'bandakucha mnyamatayu akathira nkhondo yekhayekha. Anthu anaimba mluzu. Msilikaliyo anapinda kalata, anavula jombo, n'kugona chopenya kukhoma. Ndinati akusunga mphamvu.

Mawa lakelo m'filimumo kunabwera lole, asilikali anakwera, n'kumapita kwawo. Mayina anayamba kuyenda pa TV. Anthu anatuluka akunditukwana, osati chifukwa cha filimu, koma chifukwa cha nkhondo imene ndinawalonjeza. Wina anandiuza kuti ndisiye vidiyo ndizikagulitsa mankhwala a mano m'mabasi.

Nditatuluka dzuwa linali lidakalipo. Amalume aja anali ataima pafupi ndi njinga yawo, akundidikira. Ndinawapatsa moni ndi manja awiri, iwo anangolunjika pa funso.

"Kalata ija imati chiyani?"

Bodza lija linali lidakali lofunda pakamwa, ndipo kulibwereza kukanakhala kosavuta. Koma mmene anandiyang'anira ndinaona kuti sakundiyesa, akufunadi kudziwa. Ndinawauza kuti, bambo, kalata ija inali ya mkazi wake, wamusiya, wapita ndi wina.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati anadziwa, chifukwa munthu wouzidwa kuti mawa kuli nkhondo savula jombo. Kenako, maso ali pa chishalo cha njinga, anandiuza zimene pamsika sankazidziwa. Kutsidya kuja anakhala miyezi yambiri akulondera mlatho wa njanji, ndipo mdani sanamuone ndi diso, mfuti ankangoipukuta. Tsiku lina analandira kalata yochokera kwa akazi awo. Sukulu iwo anailekera koyambirira, nthawi yawo usilikali unkayang'ana msinkhu ndi chifuwa, choncho anapatsa mnzawo wa pabedi loyandikana kuti awawerengere. Mnzawoyo anawerenga kuti onse ali bwino, chimanga chabereka, tikukudikirani. Lamulungu lililonse ankamupempha kuti awerengenso, ndipo iye ankawerenga mokoma, nthawi zina n'kutulukiramo mawu ena amene sabata yatha sanawaone.

Amalumewo atabwerako anafika kumudzi ndi zitenje ziwiri ndi wailesi. Pakhonde anapeza njinga ya mwamuna wina, akazi awo ali ndi pakati poonekera. Nyumbayo anamanga okha, koma anaimanga kuchikamwini, pamudzi pa mkazi, ndiye wochoka anali iwo. Anasenza sutikesi yawo masana dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuonerera, ndipo aliyense ankadziwa kuti mkaziyo anawalembera kalata yowauza zimenezi kalekale.

"Mayiyo ndinamukhululukira, ananena zoona nthawi yake. Koma wowerenga uja sindinamupatsenso moni mpaka anamwalira."

Ndinadziwa kuti wowerenga uja ndine, ndipo ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Mumtima ndinatsanzikana naye mtsikana wa nanazi uja. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula. Anati Lachiwiri sapita kuntchito, ndipo akufuna filimu ija ionetsedwenso masana, tili awiri, ine ndizinena mawu monga alili. Za ankhoswe anati tidzakamba tikamaliza.

Lachiwiri ndinagula ndekha mafuta a jenereta. Tinakhala pabenchi imodzi, chitseko chili chotsegula, maikolofoni ili pansi. Kwa nthawi yoyamba pa ntchito yanga ndinamasulira zimene anthu akunenadi, ndipo ndinadabwa kuti zinali zoseketsa kuposa zanga. Asilikali aja ankakangana za nsikidzi, za amene waba sopo, za tsiku limene adzalandire nsapato za saizi yawo. Pa kalata paja ndinanena liwu lililonse. Iwo anamvetsera chipewa chili pabondo, osaphethira.

Filimu itatha ndinazimitsa jenereta. Anandiuza kuti ankhoswe anga abwere Loweruka, ndipo asachedwe chifukwa iwo sakonda kudikira anthu wamba. Ndisanathokoze n'komwe, anapisa dzanja m'thumba la jekete n'kutulutsa kapepala kopindidwa, kofiirira, kothetheka m'mizere mopindamo. Anati zaka zonsezi sanapatsenso munthu wina, ankaopa kusekedwa, komanso ankaopa kunamizidwa kachiwiri.

"Werengani, akamwini. Osaonjezera, osachotsa."

Ndinakatambasula mosamala pabondo langa n'kuwerenga mokweza. Kalatayo inali ndi mizere inayi yokha, ndipo za chimanga munalibemo.