Mapesi Amene Ndinakana Kutentha

Dimba lija silinali langa. Linali la alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga, ndipo anandibwereka nditangotsika kuchokera ku Angonia kudzakhala ku Matema ndi ana awiri. Ndiwo zathu, ngakhale sopo, zinkachokera momwemo, m'mphepete mwa mtsinje.

Chaka choyamba ndinalima monga tinkalimira kwathu kumapiri, mizere italiitali, dothi lili pambalambanda. Koma dzuwa la ku Tete silidziwa mlendo. Ndikathirira m'mawa, pofika masana nthaka inali gwa, ndipo mpiru wanga unapserera ndikuona. Ndinalira, sindibisa.

Chaka chotsatira, nditakolola chimanga, mapesi sindinatenthe. Ndinawayala pamwamba pa ndowe za mbuzi zomwe ndinkatola kumsika, n'kumabzala mpiru ndi matimati m'mipata yake. Tsono kumadimba kuja mlimi weniweni amadziwika ndi munda wotentha, wosesa, woyera ngati bwalo. Ine ndinasanduka nkhani ya padooko. Ankati mayi wa ku Angonia uja ndi waulesi, akuweta njoka ndi mbewa. Ndinkangoti pakamwa m'pawo.

Mawuwo anawapeza alamu. Anabwera tsiku lina m'chilimwe, dzuwa lili paliwombo, kabokosi ka fosifolo yoyatsira moto kali m'manja. Anati ndikuwachititsa manyazi, ndipo ndikakana kuyeretsa dimbalo alipereka kwa wina mawa lomwe.

Mkwiyo unaposa mantha. Ndinakhala pamapesi pomwepo n'kutambasula miyendo.

"Yatsani, alamu. Koma muyambire pano ndakhalapa."

Alamu sanayatse. Ndinakankha mapesi, ndinatapa dothi n'kuwapatsa ndi manja awiri. Linali lozizira, lonyowa, chonsecho ndinali nditathirira dzana. Analifinya, kenako anayang'ana dimba loyandikana nalo, lomwe linali ming'alu yokhayokha. Sanapepese. Anthu ngati iwo kupepesa sakudziwa. Anangoti njoka ikadzandiluma ndisadzawaitane, n'kutembenuka ulendo.

Dimbalo ndikulimabe mpaka lero, ndipo padooko akundinenabe, ngakhale ena mwa iwo ayamba kundifunsa mobisa kumene ndimatola ndowe. Fosifolo ija alamu anaiiwala pamapesi. Ndi imene ndinakolezera moto wophikira mpiru woyamba, ndipo mbale yoyamba ndinatumiza kwa iwo.