Dzungu la Apongozi

Kampandoko ndinakagula pa kaunjika mumsika wa paboma, pakati pa nsapato ndi zikwama za ana asukulu. Wogulitsayo sankadziwa n'komwe ntchito yake, ankati n'kodyetserapo mwana phala. Ine ndinkadziwa. Ndinachapa malamba ake ndi sopo, n'kukamangirira kumbuyo m'galimoto imene amuna anga anali atangogula atagulitsa fodya. Ndinawauza mosapsatira kuti mwana wathu, amene anali ndi zaka ziwiri, sadzayenda m'galimotomo ali pamiyendo pa munthu. Anaseka. Ankaona ngati ndi zauphunzitsi, zoti zitha pakapita sabata.

Kwao kwa amuna anga ndi ku Chulu. Ine ndine wa ku Ntcheu, ku Kasungu ndinabwera kudzaphunzitsa, ndiye kumudzi kwawoko ndinali mlendo kale ndisanalakwe kanthu. Apongozi anga aakazi ndi mayi wamanja amphamvu. Asoka fodya moyo wawo wonse, ndipo mpaka lero thumba la chimanga amalikoka okha achinyamata akuyang'ana. Mwana wangayo anali mdzukulu wawo woyamba, ndipo anali atamugulira chitenje chatsopano chomuberekera.

Tsiku loyamba kupita ndi galimoto kumudziko, amayi a pamudzipo anatilandira ndi nthungululu. Apongozi anathamangira kuchitseko chakumbuyo, n'kutsegula. Nthungululu zija zinathera pakhosi.

“Walakwanji mwanayu kuti mum'mange ngati mbuzi yopita kumsika?”

Ndinafotokoza. Anandimvetsera akuyang'ana kumbali. Madzulo ake anapempha kuti tiwasiye kuchigayo, anakhala kutsogolo n'kutambasula manja kuti ndiwapatse mwana. Ndinagwada pafumbi, mawu ndinatsitsa, koma ndinakana.

“Pepani amayi, galimoto ikamayenda mwanayu amakhala pakampando kake.”

“Ndalera ana angati ine? Alipo amene ndinam'gwetsa?”

Amuna anga anali kalikiliki kupukuta galasi lomwe linali loyera kale.

Mawu kumudzi sasowa wowanyamula. Pasanapite nthawi anayamba kundipeza paboma, ena kudzera kwa alamu anga, ena kwa amayi a kumvano. Akuti ndimanyansidwa ndi manja akuda ndi utomoni wa fodya. Ena akuti ayi, ndikuwaganizira apongozi zaufiti, n'chifukwa chake sindifuna kuti am'gwire mwana. Koma amene anandipweteka kwambiri ndi akuti galimotoyo siinabwere ndi fodya yekha, ili ndi chizimba, ndipo sing'anga anatilamula kuti mwana azimangidwa kumbuyo. Mwana wanga anachedwa kuyankhula. Kutchalitchi kumudziko ndinkaona amayi akum'suzumira kukamwa ngati akutuluka dovu. Ndinkapsa mtima, nyimbo osaimva.

Nanenso ndinasiya kukhulupirira munthu. Wina akati, “Wakula bwino mwanayu,” ndinkafunafuna chimene chabisala kuseri kwa mawuwo. Tikachoka kumudzi ndinkam'vula mwana n'kumuyang'ana m'chiuno ndi m'khosi ngati am'mangirira kachingwe. Amuna anga akati am'tenge okha kukaona agogo ake, ndinkakana, chifukwa ndinkadziwa kuti akangokhota pamsewu wafumbi lamba amasula. Iwo ankati, “Kamtunda kochepa kokha, asiyeni amunyamule, nkhani ithe.” Ndinkawafunsa kuti kodi ngozi imayamba yafunsa kutalika kwa ulendo?

Kenako apongozi anasiyiratu kum'gwira mwanayo. Akathamangira kwa iwo, ankabisa manja kumbuyo.

“Pita kwa amako, ndiwe mwana wa eni. Ife akuchimuna tilibe mwana.”

Mwanayo ankaima pakati pa bwalo manja ali m'mwamba, osamvetsa. Chimenechi chinkandiwawa kuposa miseche yonse, koma lamba sindinamasule.

M'nyengo yozizira, malole atayamba kututa mabelo a fodya, apongozi anafunika kukaonana ndi adokotala a maso kuchipatala cha paboma. Tinapita kukawatenga m'mawa. Anatuluka m'nyumba atanyamula chinthu chokulungidwa m'chitenje, ndipo chitenjecho ndinachizindikira: chinali chija choberekera mdzukulu. M'katimo munali dzungu lalikulu. Amuna anga anati aliike kumbuyo kwa galimoto pamodzi ndi katundu wina.

“Iyayi. Uyu ndiye mdzukulu wanga. Uyu palibe angandikanize.”

Anthu amene anabwera kudzatiperekeza anaseka mobisa kukamwa. Ndinadziwa kuti dzungulo silinali mphatso, linali londichititsa manyazi. Ndinakhala kumbuyo pafupi ndi mwana, makutu akutentha.

Titangonyamuka, galimoto inayamba kulira kuti ti-ti-ti, monga imachitira wakutsogolo akapanda kumanga lamba. Apongozi anayang'ana uku ndi uku.

“Ikulira chiyani?”

“Ikufuna mumange lamba, amayi,” anatero amuna anga.

“Yadziwa bwanji kuti ndakhalapo ine?”

Anatembenuka n'kundiyang'ana ine, ngati ndine ndaiuza. Koma phokosolo linawatopetsa, ndipo analola mwana wawo kuwamanga. Dzungu lija analikumbatira pamwamba pa lamba, akulisisita n'kumaliimbira kanyimbo kogonekera mwana, mokweza kuti ndimve.

Kutsogolo kwathu kunali lole yodzaza mabelo, ikutimwazira fumbi lofiira. Amuna anga sankathamanga kwenikweni, koma ankafuna kuipitirira kuti tipume mpweya wabwino. Lole ija inakhotera kumanja mwadzidzidzi. Fumbi litang'ambika, ngolo ya ng'ombe inali pamphuno pathu penipeni.

Mabuleki analira. Lamba anandidula paphewa, mutu wanga unapita kutsogolo, ndipo ndinamva kuti phwaa! Galimoto inaima chammbali, mphuno yake ili m'mapesi a fodya. Ng'ombe zinapitiriza ulendo wawo osatembenuka.

Mwana analira, ndipo sindinamvepo kulira kokoma ngati kumeneko. Anali pomwe ndinamuika, nsapato imodzi yokha itavuka. Galasi lakutsogolo linali litachita ming'alu ngati ukonde wa kangaude, ndipo pakati pake pankatsetsereka nthanga ndi matumbo a dzungu. Chibenthu china chinali pamiyendo pa amuna anga. Apongozi anali chikhalire, manja atapinda pachifuwa monga analili, chitenje chili lende pachigongono. M'manjamo munalibe kanthu.

Tinatuluka tonse. Amuna anga anapita kukakangana ndi mwini ngolo. Ine ndinam'masula mwana n'kukhala naye pamzere wa m'munda. Mumtima ndinati basi, lero aona okha, nkhani yatha.

Apongozi anabwera n'kuima patsogolo panga. Ankandiyang'ana ndi maso awo odwalawo kwa nthawi yaitali.

“Munadziwa bwanji?”

“Chiyani, amayi?”

“Kuti zichitika. Munthu samanga mwana chaka chonse popanda chimene akudziwa. Anakuuzani ndani?”

Ndiye kuti ngakhale apa ndinali mfiti ndithu! Ndinafuna kukalipa. Mawu anafika pakamwa, ena oti sakanabwezeka. Koma ndinaona manja awo akadali opindika pang'ono, ndipo manja otero ndinali nditawaonapo kale.

Ndinawauza zimene ngakhale mwana wawo sankazidziwa bwino. Amuna angawo ankangodziwa kuti ndinali ndi mlongo wanga wamng'ono amene anamwalira ali wakhanda. Kwathu nkhaniyi sitiikamba, chifukwa amayi anga akadali moyo.

“Ndinali mtsikana wamng'ono, amayi. Tinakwera matola kupita kumsika. Ine anandiika kumbuyo ndi anthu ena, amayi anga anawapatsa malo kutsogolo chifukwa anali ndi mwana. Unali ulemu umenewo. Anam'masula kumsana n'kumuika pamiyendo. Galimoto inagunda ng'ombe. Amayi anga sanathyoke paliponse. Nditatsika ndinawapeza atakhala chomwecho, manja atapinda ngati mmene munapindira inumu. Mwana tinakam'tola kutsogolo, pamsewu.”

Ndinapitiriza.

“Amayi anga amasenza mtolo wa nkhuni woti amuna awiri amaulephera. Anam'gwira ndi mphamvu zawo zonse. Mpaka lero amati akanam'gwiritsa. Sindinakukanizeni mwana chifukwa cha manja anu, amayi. Sindikufuna kuti mudzakhale ngati amayi anga.”

Apongozi anayang'ana m'manja mwawo, kuseri ndi kuno. Kenako anapita kugalimoto, anachotsa zibenthu za dzungu n'kuziponya m'munda, ndipo galasi analipukuta ndi chitenje chija. Amuna anga atabwerako anawatsegulira chitseko chakutsogolo, koma iwo anapukusa mutu n'kuloza ine kuti ndikhale kumeneko.

Ndinam'bwezera mwana pakampando kake, ndikumanga malamba, iwo ataima kumbuyo kwanga. Nditamaliza anandikankhira pambali ndi chigongono. Analowetsa chala pansi pa lamba wa paphewa la mwanayo n'kukoka, monga amayesera chingwe cha belo la fodya.

“Wakhwepa uyu. Mangitsani.”

Ndinamangitsa. Anazungulira n'kukakhala pambali pa mdzukulu wawo, ndipo lamba wawo anadzimanga okha, ngakhale anavutika kupeza pobaya. Mwanayo anawatambasulira manja kuti amunyamule. Ndinkawaona pakagalasi. Anayamba kutambasula awo, n'kuwabweza. Kenako anagwira kaphazi kaja kamene kanavuka nsapato, n'kukafumbata m'dzanja lawo lakuda ndi utomoni, ndipo sanakasiye mpaka tinalowa pachipata cha chipatala.