Chikwanje cha Dzanja Lamanzere

Irulayi anabadwa wamanzere. Mayi ake anamukwapula pa dzanjalo ubwana wake wonse mpaka anaphunzira kudyera lamanja, koma ntchito ina iliyonse ankaigwirabe ndi lamanzere. Mwamuna wake atamwalira ndi chifuwa chachikulu, n'kumusiya ndi kamwana kamodzi kakakazi, Ponnuthayi, iye analowa m'gulu la odula mitengo yaminga yowotchera makala m'tchire louma la ku Kamuthi. Zikwanje za anzake zinkamutupitsa mkono, choncho anapita kwa mmisiri wosula zitsulo kuti amusulire yakeyake aruvali, chikwanje chokhota kumutu ngati mlomo wa kabawi, chonoledwa mbali yoyenera dzanja lake.

Anagwira nacho ntchito mpaka imvi zinayamba kumera. Ankadzuka, kumwa madzi a mpunga wogonetsa, kumanga nsalu m'chiuno, ulendo kuminga. Manja ake anali zipsera zokhazokha, ndipo lilime lake linali lakuthwa ngati chitsulocho. Kapitawo wina atayesa kumugwira m'chiuno, Irulayi anakhoma chikwanje pachitsa, pakati penipeni pa mapazi a bamboyo.

"Lero ndaphonya, bwana," anatero. "Mudzayesenso mawa."

Munthu mmodzi yekha ndiye anali womufewetsa mtima: mlongo wake wamng'ono, Mokkaiyan, amene anamulera yekha mayi awo atamwalira. Mokkaiyan anakula n'kukhala bambo wopota ndevu, wokhala tsiku lonse pamalo omwera tiyi, ntchito yake kuweruza za eni. Mwa mwambo wa kumeneko, mwana wamkazi wa mlongo wako ndi mkazi wako ngati wamufuna, ndipo Mokkaiyan ankamuwerengera Ponnuthayi ngati mbuzi yomwe ili kale m'khola.

Koma Ponnuthayi anapeza ntchito kufakitale ya ulusi, ndipo kumeneko anakondana ndi Sudalai, woyendetsa galimoto yonyamula antchito. Kwawo kwa Sudalai kunali kutsidya kwa dziwe, kwa anthu a mtundu wonyozedwa, amene pamalo omwera tiyi amawapatsa makapu awoawo opachikidwa panja. Awiriwo anathawira kumzinda wa Madurai n'kukakwatirana.

Irulayi anapsa mtima koopsa. Anaphwanya mtsuko, anatukwana mwana wake pakhomo mpaka mawu anasasa. Koma miyezi itapita, atamva kuti Ponnuthayi ali ndi pakati, anayamba kumakhala phee pakhonde, maso kunjira ya basi. Mokkaiyan anaziona zimenezo.

"Achemwali, aitaneni anawo abwere," anatero tsiku lina, mawu ofewa ngati batala. "Madzi akatayika sawoleka. Kodi mdzukulu wanu abadwire m'chipinda cha lendi ngati mwana wamasiye?"

"Iwe amene, Mokkaiyan? Mtima wako watsika?"

"Ine ndi malume ake. Zibangili za mwambo wa mayi woyembekezera azimuveka ndani, ngati si ife?"

Irulayi analira, n'kumuyimbira foni mwana wake. Sudalai ankakayika, koma Irulayi anamuuza kuti, "Bwera, mwananga. Pamene pali ine palibe angakukhudze."

M'mawa wa tsiku lofika alendowo, Irulayi ali kalikiliki kuphika nkhuku, Mokkaiyan anasuzumira kukhitchini. "Ndibwerekeni chikwanje, ndikadule masamba a nthochi odyerapo alendo." Irulayi anachichotsa padenga pomwe ankachisomeka, n'kumupatsa ndi dzanja lake.

Basi inafika dzuwa lili paliwombo. Sudalai anatsika koyamba, n'kutembenuka kuti athandize mkazi wake kutsika. Mokkaiyan anamutema ndi chikwanje chija ali chomwecho, atapereka msana. Pamalo omwera tiyi panali podzaza, koma palibe anadzuka. Pamene Irulayi ankafika akuthamanga, anapeza mwana wake atakhala m'fumbi, mutu wa mwamuna wake uli pamiyendo, ndipo Ponnuthayi anamuyang'ana n'kunena mawu amodzi okha: "Munatiitana ndinu."

Sudalai anafera pomwepo. Apolisi anachivuula chikwanjecho m'dziwe momwe Mokkaiyan anachiponya. Anthu onse a pamalo a tiyi anati sanaone kanthu, wina ankamanga nsapato, wina anali ndi chitsotso m'maso. Kenako abale anasonkhana pakhomo pa Irulayi, motsogozedwa ndi a Karuthapandi, mng'ono wa malemu bambo ake.

"Mwana wanga, nkhani ndi yosavuta," anatero mkuluyo. "Ukanene kuti chikwanjecho chinabedwa kalekale. Mawu a mtsikana yekha sangamange munthu. Mlongo wako watsuka manyazi a banja lathu."

"Watsuka ndi chiyani, bambo aang'ono?"

"Usandiyankhe mopanda ulemu."

"Ndikufunsa, watsuka ndi chiyani? Ndi chikwanje changa! Chimene chinamudyetsa iyeyo, chimene chinamugulira malaya oyera amene amakanyada nawo kutiyi! Zaka zonsezi ndikubayidwa ndi minga, manyazi a banja anali kuti? Mwamuna wanga akutsokomola magazi, ndani wa inu anabweretsa ngakhale kambale ka mpunga? Lero ndiye mwadziwa njira ya pakhomo panga?"

"Ukapita kukhoti, ulibenso abale. Ukadzafa udzanyamulidwa ndi agalu."

"Agalu sananamizepo munthu kuti aitanire mkamwini wake kokaphedwa. Chokani!"

Anawathira madzi otsukira mbale, ndipo a Karuthapandi anachoka akukutumula nsalu yawo, akutukwana.

Kukhoti anamuonetsa Irulayi chikwanje chokulungidwa m'pepala, chitachita dzimbiri. Anati ndi chake, ndipo anafotokoza amene anachibwereka, nthawi yake ndi mawu amene ananena. Mokkaiyan anakuwa ali m'bokosi la oimbidwa mlandu.

"Achemwali! Munandibereka kumsana inu!"

"Ndikanadziwa ndikanakugwetsa pamwala," anayankha Irulayi, ndipo woweruza anachita kumenya patebulo kuti anthu akhale chete.

Mokkaiyan analamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. Kumudzi, wa golosale anasiya kumugulitsa Irulayi ngakhale mchere. Amayi ankachotsa mitsuko yawo pampopi iye akafika. Tsiku lina atachoka kuminga anapeza denga lake litasasulidwa. Sanadandaulire munthu aliyense. Anamanga katundu wake m'nsalu, analavula malovu pakati pa msewu pamaso pa omwa tiyi aja, n'kukwera basi ya ku Madurai.

Kumeneko anagula chikwanje china n'kuyamba kugulitsa kokonati zamadzi m'mbali mwa msewu, pafupi ndi chipatala. Ponnuthayi anabereka mwana wamwamuna, ndipo ankakhala ndi apongozi ake, mayi a Sudalai, amene anasamukira mumzindamo, kutsidya kwa mtsinje. Kwa nthawi yaitali sankalola kuti mayi ake alowe m'nyumbamo. Irulayi ankasiya kokonati pakhomo n'kubwerera. Amene anadzamutsegulira anali mayi a Sudalai, amene tsiku lina anatuluka n'kunena kuti, "Lowani, mayi. Dzuwa ili lingakupheni." Anamupatsa madzi m'kapu ya m'nyumbamo, ndipo Irulayi anamwa.

Mwanayo atayamba sukulu, mkazi wina wachibale anamupeza Irulayi pamalonda ake. Anati Mokkaiyan akudwala m'ndende, wawonda, ndipo akungotchula dzina la mlongo wake.

"Ukamuone kamodzi kokha, Irulayi. Mkwiyo wa zaka zonsezi sukulemera?"

"Ukundilemera," anatero Irulayi. "Koma ndi wanga, ndiunyamula ndekha. Ukumwa kokonati kapena ukutsekereza makasitomala?"

Mayiyo anachoka osamwa. Mokkaiyan anamwalira chaka chomwecho nthawi ya mvula, ndipo kumaliro Irulayi sanapite. Tsikulo sanatsegule malonda. Anakhala m'kachipinda kake chitseko chotseka, ndipo madzulo Ponnuthayi anabwera yekha ndi mpunga ndi msuzi wa nsomba zouma, nakhala naye pansi mpaka anadya.