Ndinkamva Odi N'kukhala Chete

Abale anga, ine ndinadzipweteka ndekha ndi ntchito, ndipo palibe amene ndingamuloze chala. Ndine mphunzitsi pasukulu ina ya pulaimale ku Area 25, ndipo ndimakhala ndekha chimwalirireni bambo akunyumba. Ndasankha kulemba chifukwa kuyankhula nthawi yaitali sindithanso.

Ndinkaphunzitsa Sitandade 8, ana odzaza mpaka pakhomo. Kuti wakumbuyo amve, ndinkachita kukuwa kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Pa buleki anzanga ankakhala pansi pa mtengo n'kumaseka, ine ndili m'kalasi ndi bolopeni yofiira. Loweruka ndinkaitananso ana. Ndinkafuna ambiri asankhidwe kupita ku sekondale, anthu azidzati uyu ndiye mphunzitsi. Kudzimva kunalipo, ndisabise.

Choipitsitsa ndinkachita kunyumba. Ndikafika ndi mulu wa makope oti ndichonge, ndinkakhoma chitseko n'kutseka makatani. Munthu akaodira ndinkangoti duu, ngakhale kutsokomola ayi, mpaka atatopa n'kubwerera. Amayi akumpingo ndinawachita zimenezi. Aneba odzandiuza za maliro kapena chinkhoswe, chimodzimodzi. Ngakhale a Nangondo, mphunzitsi mnzanga wakwathu ku Ntcheu, ndinawabisalira kangapo. Tsiku lina anandimasula: “Asisi, nsapato zanu zimakhala pakhonde. Timadziwatu kuti mulimo.” Ine ndinangoseka.

Kenako mawu anayamba kusasa. Ndinkatafuna jinja, kumwa madzi a mandimu, n'kupitiriza kukuwa. Kuchipatala anandiuza kuti pakhosi patupa, BP yakwera, ndipume masabata awiri osayankhula. Kupuma, mayeso atatsala mwezi umodzi? Kalata ya adokotala ndinaipinda n'kuiponya m'chikwama.

Lachitatu lina ndili pabolodi, ndinatsegula pakamwa koma kunangotuluka mpweya, kenako chizungulire. Ahedi anathamangira nane kuchipatala, madzulo ake n'kudzandisiya kunyumba. Mawa lake kalasi langa linapatsidwa kwa mphunzitsi wina. Inu owerenga, sukulu sinaime ngakhale ola limodzi.

Ndinagona masiku asanu popanda wondizonda. Foni ndinali nayo, koma ndikanalembera ndani, ine amene mauthenga a anthu ndinkangowerenga osayankha? Kunja ndinkamva makondakitala akuitanira, azimayi akuseka pampopi, ine ndili ndekhandekha ngati mlendo m'dera lomwe ndakhalamo zaka zambiri.

Tsiku lotsatira masana ndinamva, “Odi! Odi kuno asisi!” Anali a Nangondo. Mayo ine, mmene ndinasangalalira! Ndinayesa kuyankha kuti lowani, mawu osatuluka. Ndinayesa kudzuka, chizungulire n'kundibwezera pabedi. Anaodira kachitatu, kenako ndinawamva akuuza aneba: “Alimo, nsapato ndi izi. Tingowasiya, safuna anthu amenewa.”

Mmene ndinkafika pachitseko chokwawa, anali atapita. Pakhonde anasiya jumbo ya malalanje. Ndinakhala pomwepo n'kulira, kulira kwake kopanda mawu. Sindinawakwiyire, pakuti ananena zimene ndinawaonetsa ndekha.

Ndinawalembera uthenga wopepesa ndipo anabweranso, Mulungu awadalitse. Koma mawu anga sanabwerere onse. Pano ndimathandiza mu ofesi ya ahedi, kalasi ndimangoliona pawindo.

Aphunzitsi anzanga, ndakupemphani, buleki ikakwana tulukani mukaseke ndi anzanu. Makope ena asiyeni kusukulu, mudzawapeza mawa. Adokotala akati pumani, pumani ndithu, ana sasowa wowaphunzitsa. Ndipo munthu akaodira pakhomo panu, ikani bolopeni pansi mukamutsegulire, chifukwa tsiku lodwala makope sadzakutungirani madzi.

Ine masiku ano Loweruka ndimakhala pakhonde, chitseko chili chotsegula. Anthu amandipatsa moni ali pamsewu n'kumapitirira, oodira ndi ochepa. Phunziro limeneli ndinawaphunzitsa ndine, ndipo onse anakhoza.