Esinati wachisanu

Loweruka tinasonkhana ku Croydon, kuno kutsidya kwa nyanja, kukaona khanda la Yamikani, mwana wa achimwene anga. Azakhali anga, omwe anafika kuno nthawi ija anthu ankathawa ndale kumudzi, analiyangata khandalo n'kulengeza kuti dzina lake ndi Esinati.

Yamikani nkhope inagwa. "Pepani agogo, a Esinati tili nawo kale anayi m'banja muno. It's confusing. Mwanayu akhale ndi dzina lakelake."

Ine mtima unandiwawa, poti ndinkadziwa kuti likakanidwa tsikulo, dzinali kwa ana obadwira kuno lathera pomwepo.

Amene anatsegula pakamwa ndi mwana wanga Tadala, uja achibale amamuseka kuti anasiya unamwino n'kukaphunzira nthano za Agiriki kuyunivesite. Chichewa chake n'chotsimphina, koma anayenda nacho chomwecho.

"Achimwene, mu nthano zimene ndimaphunzira muli akazi angapo a dzina limodzi. Wina mwana wa mulungu wa m'nyanja, wina mayi wa mfumu, wina amangotchulidwa kamodzi basi, kuti anali mkazi wa uje. Palibe wotchuka. Koma dzinalo tikuliwerenga mpaka lero chifukwa anthu sanatope kulibwereza."

Abale anga, ndinafufuma ngati mandasi m'mafuta! Oseka aja onse anali pomwepo, ndipo ndinawayang'ana mmodzimmodzi mosabisa.

Kuno tayamba kufuna maina oti m'kalasi monse mwana akhale nalo yekha, ngati nambala ya foni. Kodi ntchito ya dzina ndi kusiyanitsa anthu basi? Kwathu limasunganso munthu amene sanalembedwe m'buku lililonse.

Yamikani anakanda mutu. "Nanga Esinati woyambayo anali ndani?"

"Mkulu wanga," anatero azakhali. "Agogo ako aamuna akusakidwa, iye anawabisa m'nkhokwe mpaka anapeza njira yotulukira m'dziko. Anamumenya kuti aulule, sanaulule. Ife tinakwera ndege, iye anafera kumudzi."

Yamikani anayang'ana mkazi wake, mkaziyo anagwedeza mutu kuvomera. Kenako Yamikani anagwada, analandira mwana ndi manja awiri, n'kumuitana dzina lija motsitsa mawu.

Mnyamatayu wakula ndi a Esinati anayi osamva nkhani imeneyi. Nanga mwana wanu, amene m'mawa uno wakwera basi kupita kusukulu, akumudziwa mwini dzina limene akuyenda nalo?