Tambala wa Apongozi

Tsiku loyamba kuyeserera sewero, tambala anatulukira pakhosi pa jekete ya aKalisto, n'kuwakanda pachibwano, ulendo. Pomuthamangitsa, chingwe cha buluku chinaduka, ndipo amayi a kwaya a ku Kasina, amene anabwera kudzathandiza nyimbo, anaona zimene sanadzere. AKalisto anangomanga mfundo n'kupitiriza. Ndi mlimi wa kachewere, munthu wofatsa, woti mbuzi ikawadyera kabichi amayamba aipatsa moni asanaipirikitse. Koma akalowa m'bwalo la zisudzo amasanduka wina.

Gulu lawo linkakonza sewero lanthabwala, lodzaza nyimbo, lonena za nkhondo ya ku Mozambique, nthawi ija anthu ankathawira kuno ku Dedza mitolo ili pamutu. Ambiri anati nkhondo siisekedwa. Misheck, wolemba sewerolo, anayankha kuti m'midzi muno akhala akuiseka kale, pamowa ndi pamaliro pomwe. Ndipo nkhani yosekedwa kwambiri ndi ya bambo wina amene anataya bulangete, khasu ndi wailesi, n'kuoloka malire atafungatira tambala.

Bamboyo ndi aGerevazio, apongozi awo a aKalisto.

Tsono aKalisto ndi mkamwini. Dimba limene limawadyetsa anachita kupatsidwa ndi aGerevazio omwewo, pakamwa pokha, ndipo chopatsidwa pakamwa chimalandidwanso pakamwa. Akakumana nawo panjira amapatuka, n'kunjuta, maso pansi. Lero, poti mbali ya bamboyo m'sewero yagwera iwo, atsanzire kutsimphina kwa apongozi pamaso pa anthu? Misheck anasintha dzina m'sewerolo, koma mwendo sanausinthe. Nkhani inawapeza aGerevazio, ndipo moni wa mkamwini anayamba kuuyankhira m'mphuno. AElena, akazi awo a aKalisto, anangonena kuti bambo afunsa za tsiku ndi malo.

Loweruka masana, pabwalo la msika ku Mayani, aGerevazio anakhala kutsogolo kwenikweni, ndodo ili pakati pa mawondo. Nyimbo yoyamba anthu anaseka, kenako anawayang'ana, kuseka n'kuthera m'khosi. Nkhope ya aGerevazio inali gwa. Theka la oonerera linali la anthu amene anaoloka malirewo ndi mapazi awo.

Inafika nthawi yobisala m'tchire asilikali akudutsa, pamene aKalisto amayenera kumuimbira tambala kumuchonderera kuti asalire. AKalisto anayamba nyimboyo. Asanamalize ndime, aGerevazio anaimirira. Ng'oma inaleka yokha. Nkhalambayo inalowa m'bwalo, gogodo, gogodo ndi ndodo, ndipo aKalisto anaiwala kuti ali m'sewero, nagwada pansi tambala ali m'manja.

“Mwana ali kuti?” anafunsa aGerevazio.

AKalisto anayang'ana Misheck, Misheck anayang'ana kumwamba.

Apo aGerevazio anafotokoza, osakweza mawu, kuti tsikulo Elena anali kamwana, ndipo ankalirira tambala wake osatonthola, mfuti zikumveka kuseri kwa phiri. Kulira kwa mwana kukanaphetsa onse amene anabisala nawo. Ndiye anataya katundu, n'kubwerera kukatenga tambalayo. Mwana anagwira mchira wake njira yonse, ali chete.

“Zaka zonsezi mwandiseka, palibe anandifunsa,” anatero. “Elena, tabwera ugwire mchira. Inu akamwini, dzukani muimbe.”

AElena, mayi wathupi lake, wa ana akuluakulu, anabwera akuphimba kumaso ndi chitenje, n'kugwira mchira wa tambala. Ng'oma inayambanso mwamantha. AKalisto kutsogolo akutsimphina, mkazi pambuyo akukokedwa ndi nkhuku. Woyamba kuseka anali aGerevazio, mpaka kutsokomola, ndipo bwalo lonse linamasuka. Amayi ena achikulire ankaseka uku akupukuta misozi, ndipo panalibe wowafunsa kuti misoziyo ndi ya chiyani.

Sewero litatha, aGerevazio anangowauza akamwini awo kuti mwendo wotsimphina ndi wamanzere, osati wamanja, ndiponso kuti kachewere kudimba kuja akufunika kukwezera, alawirire Lolemba. AKalisto anawomba m'manja nthawi yaitali kuposa mmene ulemu umafunira.

Pobwerera anali ataiwala kale mantha, akudzitama kuti luso ndi luso basi. AJestina, oyandikana nawo nyumba, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kuchingwe cha buluku.

“AKalisto, musatinyanse. Kuimba simutha, ndipo pa nonsenu wasewera bwino ndi tambala.”